Abambo Aakulu Amene Sindinawalonjere

"Phu! Phu!"

Umu ndi mmene abambo aakulu, achimwene awo a bambo anga, ankayambira akagwira maikolofoni. Ankauzira mpweya kawiri, n'kuyendetsa maso pa anthu kuchokera mbali iyi mpaka mbali iyo, kenako n'kuyamba kuyankhula. Mpaka lero ndikamva munthu akuuzira maikolofoni, kaya ndi pa ukwati kaya pa msonkhano wa kuntchito, ndimaona nkhope yawo.

Kudera kwathu, kuyambira ku Senga Bay mpaka m'midzi ya kwa Maganga, wobwereketsa zokuzira mawu anali mmodzi yekha. Maliro, ukwati, sadaka, mpira wa sukulu, zonse zinkadalira masipika ake awiri akuda ndi maikolofoni imodzi yokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga pogwirira. Nkhani ziwiri zimene ndikufuna kunena pano zinadutsa m'maikolofoni imeneyo.

Yoyamba ndi ya maliro a bambo anga. Ndinali mu Sitandade 3.

Mayi anga anamwalira ndisanadziwe kuyankhula, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo, mayi awo a mayi anga, kwa Maganga. Bambo anga anali msodzi. Ankakhala kugombe ndi abale awo, koma usodzi wa ku chilumba cha Mbenji ukatsekedwa ankabwera pa njinga ndi jumbo ya utaka wouma, n'kundikweza pa kaliyala kupita nane kokameta. Ndi iwo amene anakandilembetsa sukulu, ndipo aphunzitsi atafunsa dzina la bambo wa mwana, anatchula lawo mosazengereza. Chimene sanachite ndi chimodzi: sanatumize ankhoswe kwathu. Ankati ayambe agula injini ya boti. Pamene injiniyo inkagulidwa, mayi anga anali atagona kale kumanda.

Bambo anadwalira ku Mbenji. Anzawo anawabweretsa pa boti lawo lomwelo, ndipo kuchipatala sanakhaleko nthawi.

Tsiku la maliro agogo anathyola maluwa ofiira pa mpanda wa aneba, n'kuwamangirira pa waya ndi luzi. Inali nkhata yaing'ono, yokwana m'manja mwanga.

"Akaitana ana a malemu kuti akaike nkhata, udzuke," anandiuza. "Usathamange. Uyende bwinobwino, ukaike kumutu. Ndipo usakuwe, sunafedwe wekha."

Tinakhala pansi pakati pa amayi. Itafika nthawi ya mbiri ya malemu, abambo aakulu anaimirira. Phu! Phu! Ananena kumene bambo anabadwira, kalasi imene analekezera, mpingo wawo, ntchito yawo ya panyanja. Kenako anafika pamene aliyense amatchera khutu pa maliro, ponena amene munthu wasiya.

"Malemuwa sanakwatire. Sanasiye mkazi, sanasiye mwana. Asiya ife abale awo."

Amayi amene anali pafupi anatembenuka n'kundiyang'ana. Wina anatsonya. Wina anakonza duku lake. Onsewo ankandidziwa, ena anali atandipatsapo mandasi kugombe n'kumanena kuti mphumi ndinachita kutengera bambo anga. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaimirira.

Kumanda anaitana abale, anaitana a mpingo, anaitana asodzi anzawo, mpaka anaitana anzawo osewera nawo bawo. Ine ndinagwira nkhata ija mpaka maluwa anafota ndi thukuta la m'manja. Pobwerera agogo anaitsomphola n'kuiponya m'munda wa chinangwa, akutukwana mawu amene sindingawalembe pano.

Tanthauzo la mawu a pa maikolofoni aja ndinalimvetsa pambuyo pake. Munthu amene sanasiye mwana, katundu wake amagawana abale. Boti, injini ndi chilimira, ukonde waukulu uja, zonse zinapita kwa abambo aakulu. Agogo anapitako kamodzi kukadandaula. Anawafunsa kuti ankhoswe a ukwatiwo ndi ndani, n'kuwapatsa mbale ya usipa kuti azipita. Usipawo anabwera nawo, anaphika, tinadya, iwo akutukwanabe.

Ine sindinali mwana wolongolola. M'kalasi aphunzitsi ankatha kuiwala kuti ndilimo. Koma maso ndinali nawo. Loweruka lililonse ndinkasenza mpunga wa agogo kukagulitsa kugombe, ndipo ndinkakhala pamalo pamene boti la bambo limaonekera. Linali lobiriwira, analipaka buluu. Boti limodzi lija linabala ena, ena aja anabala lole yopita ndi nsomba ku Lilongwe. Abambo aakulu anayamba kuvala jekete ngakhale mu Okutobala.

Agogo anandilamula kuti ndikakumana nawo ndiziwapatsa moni, kuti anthu asadzanene kuti mwana woleredwa ndi nkhalamba alibe mwambo. Ndiye zaka zonsezo ndinkaima pambali pa njira, manja kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, abambo aakulu?"

Iwo ankayang'ana pamwamba pa mutu wanga ngati akuona kumene mphepo ikuchokera, n'kudutsa.

Poyang'anitsitsa chonchi ndinadziwa chinthu chimodzi chimene munthuyu ankachikonda kuposa maboti ake. Ankakonda kutchulidwa. Pa mwambo uliwonse, wolonjera alendo akafika pa dzina lawo, ankatsinzina, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukweza zala ziwiri. Tsiku lina potsegulira mjigo, woyendetsa mwambo anawatchula pambuyo pa mwini golosale wina. Sanadikire ngakhale mpunga ndi nyama ya mbuzi. Ananyamuka nthawi yomweyo, ndipo woyendetsa mwamboyo anakapepesa kunyumba kwawo ndi nkhuku. Ine ndinali pomwepo, ndi beseni langa la mpunga. Ndinazisunga.

Nditafika Folomu 2, mawondo a agogo anatupa, ndipo theka la dimba lathu la mpunga linagona. Kusukulu ankandibweza pafupipafupi chifukwa cha fizi, mpaka ahedi anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti chaka chamawa ndisadzabwere chimanjamanja. Sabata yomweyo kunyumba kunafika kapitawo wa maboti a abambo aakulu, amene ankayenda m'midzi kufuna anyamata.

"Mnyamatayu wakula, mayi, mapewa alipo," anauza agogo. "Abwere adzakoke chilimira. Sukulu yopanda fizi ndi kungotha nsapato."

Ankatanthauza kuti ndikakhale waganyu m'boti la bambo anga.

Ndi nthawi imeneyo pamene kunabwera nkhani ya mpikisano. Sukulu za sekondale za m'mbali mwa nyanja zinauzidwa kuti zitumize ophunzira odzayankhula pagulu za unzika ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko. Anati tidzayankhule m'Chichewa kuti makolo adzamve. Woyamba adzamulipirira Folomu 3 ndi 4, mayeso, ndi njinga pamwamba. Wachiwiri, zaka ziwirizo popanda njinga. Wachitatu, chaka chimodzi chokha. Ndalama zake anasonkha ndi amalonda a nsomba.

Aphunzitsi athu a Sosho, bambo woonda amene ankapalasa njinga kuchokera ku boma tsiku ndi tsiku, anasankha ine. Kalasi yonse inaseka.

"Iwe suyankhula, ndikudziwa," anatero titatsala awiri. "Koma zimene umalemba zimaluma. Pakamwapo tikonza."

Anandibwereka buku la malamulo aakuluwo, lothothoka chikuto. Ndinaliwerenga ngati munthu wofuna singano mu mchenga, ndipo ndinapeza pamene akunena za ana. Pamenepo akuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posatengera mmene anabadwira, ndipo mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake ndi dzina la banja lake. Ndinawerenga mobwerezabwereza. Sindinamve chimwemwe. Ndinamva ngati munthu amene wauzidwa kuti mbuzi yake inabedwa masana, mudzi wonse ukuona.

Koma aphunzitsi nkhawa yawo inali pa malonje.

"Ana ambiri amagwera pamenepa," anatero. "Munthu wamkulu ukamulumpha, kapena ukamuika pansi pa wamng'ono, majaji samvanso zina zonse. Malonje ali ndi malikisi akeake. Uyambe ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku ofesi ya maphunziro. Kenako wapampando wa amalonda a nsomba, chifukwa thumba ndi lawo, ndipo ndi iwo adzaitane opambana. Amenewo uwatchule ndi dzina lomwe, amakonda zimenezo."

Atatchula dzinalo, lomwe linali la abambo aakulu, anaima, n'kundiyang'ana. Sanali wa kwathu kuno, za maliro aja sankazidziwa.

"Aa! Dzinali ndi lako lomwe! Ndi abale ako?"

"Mayina amangofanana, sala."

"Basi, ukawamwetulire. Mwina angaganize kuti ndiwe wawo."

Masana amenewo ndinapeza agogo atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akusankha miyala mu mpunga. Ndinawafotokozera zonse. Anayamba atsina fodya wawo wa m'mphuno, anayetsemula, kenako anandiyang'ana.

"Ndiye nkhope yakwinyikiranji? Ukawatchule."

"Agogo, iwo sananditchule."

"Ndinalipo, usandiuze. Iwe ukufuna sukulu kapena chilimira? Mawondo angawa atha, ukuwaona. Ukagwade, ukamwetulire, ukawatche dokotala, ukawatche bishopu ngati akufuna. Ukatenge ndalamazo, ndi za boti la bambo ako zomwezo. Kutukwana tidzatukwanira limodzi kuno kunyumba, mawu ake ndikuphunzitsa ine."

Agogo anaponya kamwala kwa nkhuku imene inkayandikira lichero.

"Mutu uli ndi nzeru za m'buku, koma za pamudzi zero. Wati opambana adzawaitana ndani? Si iwo omwewo? Ukapambana, dzina lako lidzatuluka pakamwa pawo, anthu akumva. Ukufunanso chiyani?"

Zimenezo sindinaziganizire. Zinandikoma kwambiri moti ndinalonjeza kuti ndidzawatchula.

Inali nyengo yowinga mbalame, ndiye ndinkakonzekera ndili m'dimba. Ndinkaima pa chulu, n'kumalonjera mpheta ndi mapesi a mpunga. Mlendo wolemekezeka ankatuluka bwinobwino. Majaji, mafumu, ahedi, onse ankatuluka. Koma ndikafika pa wapampando, lilime linkalemera ngati ndameza phala lotentha. Ndinkalikakamiza, dzinalo n'kutuluka, kenako ndinkalavula malovu m'madzi. Pamaso pa aphunzitsi ndinkalitchula mosalakwitsa, mpaka anandigwira dzanja n'kunena kuti njinga ija ayamba kale kuiona.

Tsikulo linafika. Mpikisano unachitikira mu holo ya sukulu ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay. Agogo anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi n'kukwera kabaza, akumukalipira mnyamata wopalasayo njira yonse kuti akufuna kuwapha. Mu holo munadzaza. Amene anasowa malo anaunjikana m'mawindo: akabaza, amayi a mandasi, asodzi amene sanapite panyanja chifukwa cha mwera. Kutsogolo kunali tebulo loyalidwa nsalu yoyera, mabotolo a madzi ndi maluwa apulasitiki. Abambo aakulu anakhala pakatikati, pafupi ndi mlendo wolemekezeka, atavala suti yakuda ndi wotchi yaikulu. Kumbali kunali masipika awiri aja.

Ophunzira anayamba kuyankhula mmodzimmodzi. Aliyense ankawatchula, ndipo ulendo uliwonse ankatsinzina, n'kugwedeza mutu, n'kukweza zala ziwiri. Mnyamata wina anawatcha nsanamira ya chitukuko, iwo n'kuwomba m'manja okha. Mtsikana wina wovala hijabu, wa sukulu ya kugombe, anayankhula za amayi ogula nsomba amene amaopa kuyankha pa misonkhano ya pagombe pomwe ndi iwo amadyetsa mabanja. Anayamba ndi salamu, anamaliza holo yonse ikuwomba m'manja. Ndinadziwa kuti ameneyu ndiye wolimbana naye.

Atandiitana ndinayenda kupita kutsogolo ndikubwereza m'mutu mawu a agogo. Ukagwade, ukamwetulire. Woyendetsa mwambo anandipatsa maikolofoni. Mphira uja unali womwewo, wongowonjezeredwa wina pamwamba. Unali wofunda, wonata. Ndinali ndisanaugwirepo chibadwire.

Sindinakonze zimene zinatsatira. Ndinangopezeka ndaibweretsa pakamwa.

"Phu! Phu!"

Abambo aakulu anadzutsa mutu. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo anga, maso awo anatsika kuchoka pamwamba pa mutu wanga n'kufika pankhope panga. Pamenepo lonjezo langa kwa agogo linatha.

Ndinalonjera mlendo wolemekezeka wochokera ku ofesi ya maphunziro. Abambo aakulu anakonza jekete, anayamba kutsinzina, zala ziwiri zili chire pa tebulo. Ndinalonjera majaji. Maso awo anatseguka. Ndinalonjera mafumu, asheikh ndi abusa, ahedi a sukulu zonse, aphunzitsi, makolo ndi ophunzira anzanga. Sindinalekere pomwepo. Ndinalonjera bambo mwini masipika. Ndinalonjera alonda a pageti. Ndinatembenukira kumawindo n'kulonjera akabaza, amayi a mandasi ndi asodzi onse amene mwera unawatsekera kumtunda. Kumawindoko kunabuka mluzu ndi nthungululu, chifukwa anthu amenewo sanalonjeredwepo pa maikolofoni.

Woyendetsa mwambo anandikoka malaya kumbuyo. Ankati akunong'ona, koma maikolofoni inatola mawu ake n'kuwamwaza mu holo yonse.

"Wapampando, iwe! Waiwala wapampando!"

Ndinayendetsa maso pa tebulo lija kuchokera mbali iyi mpaka mbali iyo, mosafulumira. Pofika pakati ndinayang'ana pamwamba pa mutu wawo, pamene panali khoma ndi chithunzi cha mapu.

"Zikomo, oyendetsa mwambo. Ndayang'ana bwinobwino. Palibe amene ndamusiya."

Kumbuyo kwa holo kunamveka mawu amene ndinkawadziwa kuposa ena onse.

"Mayo ine, mwana uyu wandipha!"

Ndinayamba nkhani yanga. Ndinati unzika suyambira pa chiphaso kapena pa tsiku loponya voti, umayambira pa kuwerengedwa. Ndinafotokoza zimene malamulo aakulu amanena za ana, kuti safunsa ngati makolo anali ndi ankhoswe, ngati anadalitsa ukwati ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kapena ngati imfa inawapeza asanachite chilichonse. Mwana ndi mwana, dzina la banja ndi lake. Ndinafunsa kuti ngati malamulo a dziko lonse amuwerenga mwana, ndani ali ndi mphamvu yoimirira pagulu n'kumufufuta kuti atenge ukonde? Za maliro sindinatchule, za nkhata sindinatchule. Panalibe chifukwa. Anthu a kugombe anali atayamba kale kugwedezana ndi zigongono.

Mbali yomaliza ndinasungira iwowo. Ndinati nzika ili ndi udindo, ndipo udindo wake woyamba ndi kuimirira pamene mnzake akufufutidwa. Amene amangotsonya n'kukonza duku, amene amati ndi za pabanja, amenewo amathandiza kunyamula katunduyo ngakhale sanagwire ndi chingwe chomwe. Ndinaona amayi ena akuweramitsa mitu. Ena mwa iwo anakhala nafe pansi tsiku la maliro lija. Ndinawayang'ana mpaka nthawi yanga inatha.

Ndinabweza maikolofoni n'kukakhala pansi.

Majaji anatuluka kukakambirana, ndipo anakhalitsa. Aphunzitsi a Sosho anabwera thukuta lili kamukamu.

"Unaiwala? Undiuze kuti unaiwala."

"Sindinaiwale, sala."

"Ndiye wadzipha wekha, ndi ine wandiphera kumodzi. Ahedi ndikawauza chiyani? Munthu wakulakwira chiyani ameneyu?"

Anawayankha ndi agogo, amene anali atadzikoka pakati pa mabenchi mpaka kudzakhala pambali panga.

"Ndi abambo ake aakulu, aphunzitsi. Nkhani yake ndi yaitali, mudzabwere kunyumba." Kenako anandipotokola khutu anthu akuona. "Galu iwe. Ndinati chiyani? Ukakoka chilimira usadzandilirire."

Ndinkayang'ana kutebulo kuja. Abambo aakulu ankamwa madzi botolo ndi botolo. Mlendo wolemekezeka ankayesa kuwayankhulitsa, iwo osayankha. Anthu amene nthawi zonse ankapita kukawagwira dzanja pa nthawi yopuma anangokhala m'malo mwawo, aliyense akuyang'ana foni yake. Kunena zoona, ngakhale khutu linkawawa ndipo chilimira chinali chitayandikira, mumtima mwanga munali kuzizira kokoma ngati madzi a mumtsuko.

Majaji atabwerera, wamkulu wawo, mayi wina wodziwa zamalamulo wochokera ku boma, anaimirira. Anayamikira onse. Kenako anati panali wophunzira mmodzi amene mfundo zake zinaposa za onse, koma anataya malikisi onse a malonje, ndipo anachita zimenezo atakumbutsidwa. Anati ulemu nawonso ndi mbali ya unzika, ndipo majaji anatsutsana ngati wophunzirayo ayenera kulandira kanthu n'komwe. Sananene kuti anagwirizana zotani. Anangopereka pepala kwa wapampando.

Abambo aakulu anaimirira. Anauzira maikolofoni kamodzi, n'kulekeza, ngati akumbukira kanthu. Anaitana woyamba, mtsikana wa hijabu uja, dzina lonse, n'kumutamanda, n'kujambulitsa naye atagwira chiwongolero cha njinga. Inamuyenera. Anaitana wachiwiri, mnyamata wa nsanamira ya chitukuko uja, dzina lonse, chithunzi. Zaka ziwiri zija zinapita ndikuona. Folomu 4 ndinadzailipira ndi mapewa anga, kusenza mabeseni a usipa pa gombe lina lakutali kumene maboti awo sankafika, ndipo mpaka lero sindinanenepo kuti ndikanadziwa.

Abambo aakulu anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Wachitatu," anatero, "ndi mnyamata wa sukulu ya kwa Maganga uja."

Anthu anayamba kuwomba m'manja. Aphunzitsi anandikankha pamsana.

"Ndiwe! Dzuka, dzuka msanga asanasinthe maganizo!"

Ndinayamba kudzuka. Chaka chimodzi ndi chaka ndithu, ndipo ndinkachifuna. Koma dzanja linandigwira lamba kumbuyo n'kundibwezera pa benchi. Anali agogo. Sankandiyang'ana ine, ankayang'ana kutsogolo, chibwano chili m'mwamba.

"Khala pansi," anatero, mokweza kuti mabenchi oyandikana amve. "Sanaitane munthu."

"Mayi, chonde," aphunzitsi anadandaula, "mwayi uwu ungapite kwa wina."

"Upite. Kwa Maganga anyamata ndi ambiri. Anene amene akumufuna."

Kuwomba m'manja kunazilala. Woyendetsa mwambo anayang'ana kwa ife, anayang'ana kwa wapampando, n'kupukuta nkhope ndi mpango. Abambo aakulu anaima ndi envelopu m'dzanja limodzi, maikolofoni m'dzanja lina. Akanatha kuika zonse pa tebulo n'kunena kuti mwana wamwanoyu asalandire kanthu, ndipo sindikudziwa amene akanawaletsa. Kuwindo wina anakuwa.

"Dzina, bwana! Ife akabaza tatchulidwa, nanga mwanayo?"

Anthu anaseka. Mayi wa zamalamulo uja sanaseke. Anawerama pang'ono n'kunena mofatsa kuti wapampando awerenge monga mmene majaji alembera.

Abambo aakulu anatchula dzina langa loyamba. Dzanja la agogo silinasunthe pa lamba.

Kenako anatchula linalo, la bambo anga, lomwenso ndi lawo. Analinena motsitsa, chapansipansi, koma maikolofoni ija sinkadziwa kusunga chinsinsi. Dzinalo linatuluka m'masipika onse awiri, linadzaza holo, linatulukira m'mawindo mpaka kumsewu.

Agogo anandisiya.

"Pita," anatero. "Usathamange."

Ndinayenda bwinobwino pakati pa mabenchi, manja ali m'mbali. Nditafika kutsogolo sindinagwade, sindinamwetulire. Ndinaima pafupi moti ndinkamva fungo la mafuta awo onunkhira litasakanikirana ndi thukuta. Wojambula anakweza kamera n'kutiuza kuti tiyandikane, tigwirane dzanja.

Abambo aakulu anandisunthira envelopu ija pachifuwa ndi dzanja limodzi. Inali yonyowa pamene anaigwira. Anaika maikolofoni pa tebulo osaizimitsa, anatenga makiyi awo, n'kutulukira khomo la kumbali, wojambula akadali chikwezere kamera.